Manati a Ngolo ya Boti

Lolemba, 3 Malichi

Tsiku lonse m'damu la kumunsi, kuzula namasupuni. Msana ngati si wanga. Ukazula lero, mawa wabwerera ngati unachita kumuitana. Damu la kumtunda lokha ndi limene latsala loyera, ndipo tauni yonse ikumwa kumeneko. Tinagwirizana tonse: boti likachoka kumunsi litsukidwe, liume sabata yathunthu, ngolo yake ndi majombo omwe. Kachidutswa kamodzi kakangofika kumtunda, basi zathu zada.

Lachiwiri, 4 Malichi

Bwana akuti Lachisanu kukubwera alendo, akufuna akawayendetse pa boti kumtunda, "kokongolako". Ndati botilo likadali m'madzi a kumunsi. Akuti, "Mayi, ndi kamodzi kokha." Kamodzi! Namasupuni amadziwa kuwerenga?

Alamu anga, oyendetsa thirakitala, kumangoseka: "Mlamu, munakwatiwa ndi udzu kodi?" Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawaponya m'damu momwemo.

Lachitatu, 5 Malichi

Mtima ukuwira.

Lachinayi, 6 Malichi

Boti lija alikweza kale pangolo, matope ali chuchuchu. Pansi pa mpando ndapeza timizu tamoyo. Ndawaonetsa bwana, akuti, "Tayani, nkhani yatha." Ngati kuti timizu tonse ndi tomwe tili m'manja mwangamo!

Anthu atapita kukadya ndatenga jeke ndi sipanala, ndachotsa tayala, ngolo ndaikhazika pamwala. Manati a tayalalo ali m'chikwama changa. Potembenuka, alamu ali chilili pakhomo la shedi. Aona zonse.

Madzulo foni ya achemwali: "Iwe, ngoloyo amayang'anira ndi amuna anga. Akawachotsa ntchito, ana adya namasupuni wakoyo?" Ndadula. Ndalirako pang'ono, koma manati sindibweza.

Lachisanu, 7 Malichi

Bwana anatiimika pamzere ngati ana asukulu, maso ali psu. "Wachotsa tayala ndani?" Ndinayamba kutsegula pakamwa. Alamu anandipondera phazi, n'kuyankha iwo.

"Ndine, bwana. Limagwedera. Sindikanalola alendo agubuduke nalo. Manati anali odyeka, ndataya."

Bodza lawo losalala ngati sopo! Awalembera chenjezo. Alendo anakaona damu la kumtunda ataima m'mphepete, akuti asangalala.

Masana ndawapeza alamu kuseri kwa shedi, agwada, akukwecha pansi pa boti ndi bulashi. Osandiyang'ana n'komwe.

"Mlamu, mungoima? Gwirani paipi. Ndipo manatiwo musabweretse mpaka liume."