Ndevu za Mzime Wanu

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwendo uja wasiya kukuvutani. Ine m'thupi ndilibe vuto, koma mumtima ayi. Pafoni ndinakunamizani kuti tonse tili bwino. Mzime wanu ali m'chipatala, lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi.

Paja ntchito yake ndi yotchetcha udzu ndi kusambitsa agalu a bwana wake. Mwezi watha anabwera akudzikanda kuseri kwa bondo. Ndinapezapo nkhupakupa yokhuta, n'kuizula ndi zikhadabo, uku ndikumuseka kuti wasanduka ng'ombe. Tinaseka tonse, amayi.

Patatha masabata awiri anayamba kutentha thupi ndi kunjenjemera. Ife ndi malungo timadziwana kalekale, ndiye ndinangomupatsa mankhwala munatilongedzera aja, ndi asipirini wa mutu. Anandipempha kawiri kuti tipite kuchipatala, ine n'kumuuza kuti asiye kudzinyengerera ngati khanda. Lamulungu akumeta ndevu anadzicheka pachibwano, pang'ono chabe, koma magazi osaleka, thaulo lonse psuu!

Adokotala anati nkhupakupa ija inamusiyira tizirombo m'magazi, ndipo tizidutswa timene timaumitsa magazi pabala tamuthera, tatsala tochepa zedi. Asipirini wanga uja ati anangowonjezera vuto. Sanandikalipire, koma bola akanandikalipira. Tsiku tinkanyamuka munandigwira dzanja kuti ndizimuyang'anira mwanayu. Ndalephera, ndipo ndikuchita manyazi.

Amuika magazi kawiri. Miyendo yake yadzaza timadontho tofiira. Mswachi amuletsa, lumo amuletsa, moti ndevu zamera nkhope yonse. Dzulo ndinalowa m'chipinda muja ali m'tulo, mutu utapendekera kukhoma, ndipo amene ndinawaona pabedipo ndi malemu bambo, momwe analili sabata yawo yomaliza. Ndinathawira pakhonde n'kukalira mpaka namwino anandikhazika pampando.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani. Iye akuti ndisakuvutitseni ndi mwendowo, koma akatentha thupi amaitana inu, osati ine. Adokotala ndikawafunsa za mawa amangoti tidikire. Musadikire kukolola.

Mupereke moni kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa alamu anga ndi ana. Agogo musawauze kaye.

Lumo lake ndalitsuka, ndalisunga m'chikwama changa. Mulungu akalola, mudzamumete ndinu. Ine manja anga sindikuwakhulupiriranso.

Ndine chisamba chanu,
amene munamudalira.