Lole ya Ababa Yatitimiranso

Adelaide,
14 Febuluwale 1988

Okondedwa achimwene a Clem,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli moyo, inu ndi alamu anga a Glenys pamodzi ndi ana. Kodi bondo lija inakupondani ng'ombe likukulolani kugwira ntchito tsopano? Za mvula sindifunsa, chifukwa pa wailesi akungonena za chilala kumtundako, ndipo ndikudziwa kuti kufamu kwathu ku Tindara mukungokoka mitembo ya ng'ombe m'matope a m'madamu. Pepani ndithu.

Kuno tilipo, tikupuma. Alamu anu a Laurie msana wawayambanso, akungoyenda chowerama m'nyumba muno n'kumabuula ngati ndinawathyola ndine. Mwana wathu Raelene wapeza ntchito m'sitolo ya nsapato, ndiye masiku ano amatiyankha ngati bwana. Kutentha ndiye kosanena, phula akuchita kumata ku nsapato. Koma sindinakhalire pansi kuti ndikuuzeni za phula.

Ndakuimbirani kangapo pa lamya ya wailesi, ndipo nthawi zonse a Glenys amati muli kumjigo. Kodi mjigo umenewo umangowonongeka ndikaimba ine? Komanso nkhani iyi sindikanatha kuilankhula pamene akazi onse a m'mafamu a kumeneko atchera makutu pa mawailesi awo. Ndiye ndalemba. Muwerenge mpaka kumapeto, musaipinde pakati n'kuiika pansi pa chitini cha shuga monga mumachitira.

Ababa asiya kumwa madzi. Adokotala akuti impso zayamba kutopa, ndipo zikapitirira chonchi sitidutsa nawo mwezi uno. Sikuti akulephera kumeza ayi, akukana okha. Ndikufotokozereni mmene zinayambira.

Mukuwakumbukira anthu a kanema aja anabwera kwathu tili achinyamata, amene anatsatira lole ya makalata ya ababa ndi makamera awo mpaka kumalire? Kanema wawo uja alipobe. Mtsikana wina wogwira ntchito kunyumba ya okalamba kumene kuli ababa, dzina lake Narelle, atamva kuti iwo ndiwo ankayendetsa makalata, anakabwereka tepi yake kulaibulale kuti awasangalatse. Ndi mwana wamtima wabwino, sindikumuda. Anandiitana nanenso, tinakhala m'chipinda chochezera pamodzi ndi nkhalamba zina.

Achimwene, ndinaona kwathu. Lole ija itasenza migolo ya petulo, matumba a ufa ndi bedi la munthu pamwamba, ikuyenda chopendama. Akazi akuthamangira kumgolo wa makalata atagwira madiresi awo. Kenaka malemu amayi atakhala pa wailesi yolankhulirana ija yopalasa ndi mapazi ngati njinga, tsitsi atalimanga bwino chifukwa cha kamera, akuuza a m'mafamu a kutsogolo kuti makalata adutsa, muwayembekezere dzuwa likapendeka. Mawu awo enieni! Ndinalira pamaso pa anthu, sindinachitenso manyazi.

Ababa sanadzizindikire. Ankangoyang'ana duu, manja ali pamawondo. Koma lole itafika pachitunda chachikulu cha mchenga chija cha kuseri kwa mtsinje wouma, anadzuka tsonga pampando. Amvekere, chitsiru chimenecho ndani chikulowa mumchenga ndi giya imeneyo, chititimiratu chimenecho! Nkhalamba zinzawo zinaseka. Ine ndinati ndinu amene, ababa. Iwo akuti usandinyoze iwe, ine sindinayendetsepo choncho.

Ndipo sananame. Inu mukudziwa kuti tsiku limenelo anthu a kanema aja anachita kuwapempha kuti atitimize lole dala, kuti ajambule mmene amayalira malata pansi pa matayala, kenaka inu mutulukire pa hatchi ndi thumba la madzi ngati mwabwera kudzawapulumutsa. Basi lole inatitimiradi, matayala akungozungulira, ababa a m'kanema atakhala pamthunzi wake akuthamangitsa ntchentche. Pomwepo belu la chakudya chamasana linalira. Kumalo kumeneku belu likalira zonse zimaima. Narelle anazimitsa, akuti timaliza mawa, agogo. Inu munali musanatulukire.

Ababa anatsala akuyang'ana galasi lakuda la wailesi yakanema. Pamene ndinkawabweza kuchipinda anandifunsa ngati amayi awauza a kutsogolo kuti lole sinafike. Ndinangoti eya, osadziwa kuti ndikuvomera chiyani.

Kuyambira tsiku limenelo sachoka pabedi. Bedilo ndiye lole yawo. Lamulo lija ankatiimbira tsiku ndi tsiku ndi limene likuwapha lero: galimoto ikafa pamsewu usachokepo, khala pamthunzi wake, sunga madzi, dikira, a kunyumba akaona kuti wachedwa akutsata. Mukumukumbukira wogula zikopa uja anasiya galimoto yake n'kuyamba wapansi, amene ababa anakamupeza atafa pansi pa kamtengo atavula zovala zonse? Dzina langa amaliiwala, dzina la amayi analiiwala kalekale, koma wogula zikopa uja akumukumbukira bwinobwino. Anamwino akafuna kuwanyamula kuti akasambe, amagwira zitsulo za bedi gwa, n'kumati kodi mukufuna ndife ngati uja wa zikopa?

Madzi amangonyowetsa milomo m'mawa, kenaka dzuwa likamalowa. Otsalawo amavundikira ndi kasosa n'kubisa pansi pa bedi. Anamwino atapeza makapu ali ndandanda pansipo, anachotsa onse, akuti ukhondo. Abale inu, tsiku limenelo nyumba yonse inamva! Ababa amene sanatukwanepo munthu wamkazi chibadwire anawatchula anamwino akuba, anthu opanda chisoni obera madzi munthu wotitimira. Kuchokera apo kadontho kamene ankamwa kaja anakachepetsanso, akuti poti kuli akuba. Ndinachita kuwachonderera anamwinowo kuti makapu aziwasiya.

Awaikapo diripi kawiri, kawiri konse azula okha, magazi mbwee pansalu. Adokotala, mayi wofatsa ndithu, akuti njira yatsala ndi kuwatengera kuchipatala chachikulu, kuwagoneka ndi mankhwala n'kuwamanga manja. Ndawapempha kuti adikire kaye. Munthu amene anayenda msewu umene uja zaka zonse zija, akathere atamangidwa pabedi ngati ng'ombe yodindidwa chizindikiro? Mtima wanga ukukana, achimwene. Koma ndikapanda kuchitapo kanthu ndivomera, chifukwa sindingakhale n'kumawaonerera akuuma.

Musaganize kuti sindinayese. Ndinabwereka chipewa cha a Laurie, ndinalowa ndi botolo la madzi, ndikuti ababa ndafika, ndabwera kudzakutengani, imwani. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Amvekere, iwe Dulcie, wasiya ndani pa wailesi? Bwerera msanga, a kutsogolo akaitana ayankha ndani? Tsiku limenelo ndiye anandidziwa dzina, kuti andithamangitse.

A Laurie nawo anayesa, ndi msana wawowo. Ababa anawafunsa kuti mwadzera njira iti. A Laurie, munthu wobadwira m'tauni, anati ndadzera pamlatho. Ababa anaseka, koyamba m'masabata onsewa, akuti mlatho uti, bodza ulibe nalo manyazi iwe, taona nsapato zako zopanda fumbizo. Anatembenukira kukhoma.

Narelle, maso ali ofiira ndi kulira, anakankhira wailesi yakanema kuchipinda kwawo kuti aone mathero ake. Tinakuonani mukutulukira pa hatchi, muli mnyamata, tsitsi lonse lilipo, thumba la madzi lili m'manja. Ndinati onani ababa, a Clem afika, mwapulumuka. Iwo akuti zimenezo n'zithunzi chabe za anthu a kanema aja, anamubwereza mwana wanga katatu kukwera chitunda chimenecho mpaka hatchi inachita thovu. Clem weniweni sanafike, koma akubwera, akudziwa kuti ndachedwa. Mutu wa munthu wokalamba ndi wodabwitsa. Bodza la kanema akulidziwa, koma kuti ali ku Adelaide sakudziwa.

Ndiye akudikira inu. Osati ine, osati adokotala. Mawa lililonse amafunsa ngati kumpoto kukuoneka fumbi.

Ndikudziwa zimene munanena tsiku tinawakweza ndege kubwera nawo kuno. Munati ndawachotsa ndekha kwawo, ndidzawaikenso ndekha m'manda, ndipo inu simudzapondako kukaona bambo anu ali m'khola. Mawu amenewo anandipweteka, ndipo akundipwetekabe. Sindipepesa. Munthu anali atayamba kusiya gasi wosatseka, tsiku lina a Glenys anakawapeza kukhola la nkhuku akufunafuna lole imene inagulitsidwa kalekale, inu muli kung'ombe. Mukanatani? Koma mlandu umenewo tidzakambe bwino, mudzandilalatire mpaka mawu athe, ndidzakhala chete. Pano si nthawi yake.

Pempho langa ndi limodzi. Ndege ya makalata imene ibweretse kalatayi Loweruka, mukwere yomweyo pobwerera. A Laurie adzakudikirirani ku Port Augusta ndi galimoto. Ng'ombe zimene zikufa zifabe kaya mulipo kaya mulibe, ndipo mwana wanu Wayne wakula, akhoza kuyang'anira mijigo masiku ochepa.

Musasambe, musamete ndevu, ndipo a Glenys asakusitireni malaya. Mubwere mmene mulili pochokera kung'ombe, ndi chipewa chanu chonunkha chija ndi nsapato za fumbi. Mutenge thumba la madzi lachinsalu lija linkalendewera kutsogolo kwa lole, ngati lilipobe m'shedi, mulidzaze ndi madzi a pamjigo wa kunyumba. A kuno amanunkha mankhwala, ababa akangolawa adziwa. Mukalowa musayambe za moni wa kuchipatala. Mudzangonena mmene munkanenera kale mukawapeza pamsewu, kuti mwatani apa mdala, anthu akudikira makalata. Akakufunsani njira, muwayankhe, inu mukuidziwa. Kenaka muwapatse amwe, ndipo muwauze kuti madzi ndi ambiri.

Mwina sizitheka. Mwina adzakuyang'anani, aone dazi ndi imvi, n'kunena kuti uyu si Clem. Ndaganizapo zimenezo, ndipo zikundiopsa. Koma mukhale mutayesa. Ine nzeru zandithera, ndatopa, ndipo ndili ndi mantha.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Glenys, muwauze kuti sindikuwaimba mlandu pa za mjigo zija, ndikudziwa amene amawatuma. Moni kwa ana anu, Wayne ndi Cheryl. Mukadutsa kwa azakhali a Merle muwauze za mlongo wawo, koma mosamala, mtima wawo suli bwino. A Laurie ndi Raelene akupereka moni kwa nonse.

Ndimati nditseke, koma za lero m'mawa sindingazisunge. Ndinawagwirira kapu pamlomo, milomo itang'ambika, lilime litauma moti mawu akuchita kuvuta kutuluka. Ananyowetsa pang'ono, n'kuvundikira, n'kundipatsa kuti ndibise. Ndinapsa mtima, achimwene, ndinawakalipira. Ndinati mukudzipheranji, pansi pa bedi pali madzi okwana sabata yathunthu, imwani! Anandigwira dzanja kuti nditonthole. Akuti amenewo si anga, mwana wanga. Mchenga ndi wolemera chaka chino, Clem afika kukhosi kutauma, ndipo mnyamata amene uja sanyamula madzi okwanira, ndamuuzauza koma samva.

Makapuwo ali pansi pa bedi. Akusungira inu.

Ine mlongo wanu,
Dulcie