Wailesi ya Amuna Anga Imamvera Dzanja Langa

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Kasanda, ndipo vuto langa ndikuchita nalo manyazi. Amuna anga, a Zephaniah, ndi amagetsi ku mgodi. Chaka chatha anapeza laisensi ya wailesi yolankhulirana ndi anthu akutali, ena mpaka ku Kenya. Poona kuti mawu awo akumveka motsika, anadzipangira makina owonjezera mphamvu, amene amawatcha ampulifaya. Anawaika m'bokosi la mukwa lopalidwa bwino, mawaya onse atamangidwa mtolo umodzi mwaudongo monga amachitira kuntchito.

Koma chinthucho n'chamwano. Akangoyatsa chimalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, valavu yake, kababu kagalasi ka m'kati mwake, n'kufiira iwo asanalankhule n'komwe. Mawailesi a anzathu oyandikana nawo amangoti phokoso, moti atcheyamani a Chipani anabwera kudzafunsa ngati tikulankhula ndi a ku Rhodesia.

Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinatsamiritsa dzanja pabokosilo, kulira kuja n'kungoti zii. Nditachotsa, kunayambiranso. Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse masana ndimangomva, "Amake Levy, bwelani mugwileko, ifuna imwe iyi!" Ndiye ndimaima pamenepo ngati mzati, iwo akuseka ndi anzawo a ku Nairobi.

Apongozi atabwera kuchokera ku Petauke anaona zimenezi n'kugwira pakamwa. Anati, "Mukazi wamene na chisulo chimumvela, nanga mwana wanga anamudyesa chani?" Akuti akabwerera kumudzi akauza abale kuti ndili ndi mankhwala, ndipo ndikuopa kuti banja langa litha. Komanso ndisakubisireni, Aphungu: chibwerere wailesiyi m'nyumba, nthawi yokhayo imene amuna anga amandiitana kuti ndikhale pafupi nawo ndi imeneyi. Ikakonzeka adzandiitananso? Nditani?

T.Z., Kasanda, Kabwe

Mayi T.Z., pepani, koma ndaseka mpaka misozi. Nkhani yanu ndinapita nayo kwa bambo Maurice, amene akalambira pa ntchito yokonza mawailesi, ndipo akuti mankhwala mulibe ngakhale a chimfine. Dzanja la munthu aliyense likhoza kuchita zomwezo. Apongozi asanakwere basi ya ku Petauke, apempheni ayandikitse dzanja lawo pabokosilo, osalikhudza. Likatonthola, muwafunse mwaulemu, mutagwada, kuti iwo mankhwala awowo anawatenga kuti.

Vuto lenileni ndi udongo wa amuna anu. Ku mgodi kumanga mawaya mtolo amayamikirako munthu, koma mu ampulifaya waya wolowetsa mawu akagona pamodzi ndi wotulutsa, makinawo amadzimva okha n'kumadziyankha okha. Amuna ambiri amateronso, koma iwo safiira. Dzanja lanu limangosokoneza macheza amenewo kwa kanthawi.

Choncho amasule mtolowo. Mawaya awiriwo awafupikitse, awalekanitse, pakati aikepo chitsulo chotchinga. Bokosi la mukwa akupatseni inu musungiremo ulusi ndi singano, makinawo alowe m'bokosi lachitsulo lolumikizidwa ku chitsulo china chokhomedwa m'dothi lonyowa. Makinawo akaliranso, afunse anzawo a ku Nairobiwo za rezisita, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi, yoika pamutu pa valavu, kusekako akusiye kaye. Atcheyamani awaonetse laisensi msanga, chifukwa masiku ano nkhani ya Rhodesia si yochita nayo chibwana.

Tsopano mverani, apa sindikuseka. Magetsi a m'makina amenewo amapha, ndipo amatsaliramo ngakhale mutazimitsa. Lekani kugwira bokosilo lero lomwe. Wamagetsi wathunthu kusandutsa mkazi wake sipeyala ya wailesi, manyazi alibe?

Za kuitanidwazo, mawu amene mwandiuza ine mukawauze eni ake, wailesi itazimitsidwa. Munthu amene amamva za ku Nairobi sangalephere kumva wa m'nyumba momwemo. Akatha kukonza aike mpando wachiwiri pambali pawo. Ngati akufunabe dzanja lanu, aligwire iwowo, osati bokosi.