Tsache Linandidutsa Ndisanafike pa Mlatho

Tielt,
24 Sepitembala

Okondedwa achemwali anga a Katelijne,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada kumeneko, inu pamodzi ndi alamu anga a Denis. Chithunzi cha mitengo ya kuseri kwa nyumba yanu ndinachilandira, ndipo ndachita manyazi kuti mpaka lero sindinayankhe. Kuno mvula yayamba. Alimi ali pa liwiro lokumba mbatatesi minda isanasanduke dambo, ndipo misewu yonse yadzaza matope a mathirakitala. Ndasankha kulemba papepala chifukwa pafoni ndimadziwa kuseka, ndipo inu mukamva ndikuseka mumasiya kufunsa.

Mukudziwa kale kuti mng'ono wathu Joris amapita katatu pa sabata kukagona pa makina osefa magazi, kuyambira pomwe impso zake zinaleka kugwira ntchito. Mukudziwanso kuti madokotala anapeza kuti yanga imodzi ikhoza kumuyanja, koma anati sangandichite opaleshoni ndikulemera makilogalamu 119. Anati nditsike ndifike pa 98. Zimenezi ndi zoona. Zambiri zomwe ndinakuuzani pambuyo pake si zoona, ndipo n'chifukwa chake ndakhala pansi ndi cholembera.

Kuthamanga ndinayambadi, mu Januwale. Tsiku loyamba ndinangofika pokwerera basi, ndinagwira chipilala n'kusanza. Pofika mu Epulo ndinali nditayamba kulowa nawo mipikisano ya m'midzi Lamlungu lililonse, poyamba ya makilomita asanu, kenako khumi. Sindibisa, ndinaikonda. Kafungo ka mafuta opaka miyendo m'holo ya parishi, amayi odula malalanje pamphambano, ndi tebulo lija la mphatso pomwe aliyense amasankha motsatira mmene wamalizira. Oyamba amatenga botolo la vinyo kapena nyama yowamba, ife akumapeto timapeza zotsala. M'kabati mwanga muli mapaketi asanu ndi awiri a sopo waufa. Mkulu wina woyang'anira tebulo anandiuza kuti, "Inu bambo, mukapitiriza chonchi mutsegula malo ochapira zovala."

Mu Juni sikelo inafika pa 106. Ndikukumbukira kuti ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikuwerengera kuti kwatsala masabata angati kuti andigoneke patebulo la opaleshoni. Lamlungu lotsatira, nditamaliza mpikisano, ndinapita pagalimoto yogulitsa tchipisi. Ndinagula paketi yaikulu, mayonezi kawiri, soseji ziwiri, ndinadyera m'galimoto mwanga mazenera ali chitsekere. Kuyambira pamenepo ndinkachita zimenezi Lamlungu lililonse, kenako Lachitatu lomwe. Njala ndinalibe, achemwali. Joris akandiimbira foni ndinkati 103, kenako 101, kenako 99. Inunso ndinkakuuzani zomwezo. Kwawo ndinasiya kupita. Ndinkati Lamlungu ndili ndi mpikisano, ndipo iye ankati, "Thamangani, achimwene, ine sindithawa."

Lamlungu lapitali kunali chikondwerero cha pachaka kumudzi kwathu, ndiye kuti ndi mpikisano womwe. Sindinafune kupitako, koma Joris anandilembetsa yekha n'kunditumizira nambala ya pachifuwa pa positi. Mkazi wake Annemie anandiuza kuti masiku ano Lamlungu masana amangogona, sadzuka mpaka madzulo. Ndinaganiza kuti ndithamanga, ndimutumizira uthenga kuti ndamaliza, n'kubwerera kuno asanandione.

Mukukumbukira njinga ya tsache? Bambo anaipalasa zaka makumi awiri ndi zisanu, tsache la m'khola atalimangirira chilili kumbuyo kwa chishalo, akuyenda pang'onopang'ono pambuyo pa wothamanga womaliza. Lamulo silinasinthe. Msewu amautseka kwa nthawi yochepa, choncho amene sanawoloke mlatho wa pangalande belu la tchalitchi likamalira folo koloko, tsache limamudutsa, amam'chotsa nambala, magalimoto n'kuyamba kuyenda. Inu ndi ine tinaima pamlatho pomwepo chaka chija Mayi anathamanga nawo, Bambo n'kuwadutsa atatsala pang'ono kufika. Anawavulira chipewa powadutsa. Mayi anakhala sabata yonse akuwaikira mbale patebulo osanena kanthu. Bambo atamwalira Joris ndiye anatenga tsache, mpaka pamene anadwala n'kulisiyira ena.

Tinanyamuka tilipo ngati mazana awiri. Pofika pa kilomita yachiwiri, pafupi ndi pomwe panali nyumba yophikira buledi, ndinali ndatsala ndekha kumbuyo. Ndinamva kabelu ka njinga kakulira, kenako mawu.

"Achimwene, sunthirani kumanzere pang'ono, mukunditchingira dzuwa."

Nditacheuka ndinaona ndi Joris. Anali pa njinga yamagetsi, tsache la Bambo lili kumbuyo kwake. Anavala chijasi cha m'nyengo yozizira pomwe ena tonse tinali thukuta lokhalokha. Nkhope yake inali yotuwa ngati kandulo. Miyezi itatu yokha ndisanamuone, koma khosi lake linali litatha.

"Iwe, ukutani kuno? Annemie akudziwa?"

"Akudziwa kuti ndapita kukagula buledi. Musalankhule, mpweya wanu ndi wowerengeka."

Tinayenda choncho kudutsa kumanda, kudutsa munda wa chimanga wa a Maurits, ine wefuwefu patsogolo, iye pambuyo. Ndinkamva maso ake pamsana panga. Ndinayesa kukokera mimba m'kati, koma munthu sungathamange utagwira mpweya.

"108," anatero.

"Chiyani?"

"Mwina ndi theka. Ndagula nkhumba ndi maso zaka makumi awiri, achimwene. Ya 99 siyenda choncho."

Ndinati sikelo yanga ikuonetsa zina.

"Ndiye kuti ndi sikelo ya wogula, imeneyo imachepetsa. Ndinali nayo inenso."

Anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, njinga inayamba kupepeluka. Ndinafuna kuima kuti ndimugwire koma anandikalipira kuti ndiyang'ane kutsogolo. Tinakhota pa kachisi kakang'ono ka Maria kaja, pomwe msewu umayamba kukwera. Sindidziwa ngati kunali kutopa, kapena chifukwa choti sankandiona kumaso, koma pamenepo ndinanena zomwe ndinali ndisanauzepo munthu.

"Joris, ndikuopa."

"Ndikudziwa."

"Ndimadya dala."

"Ndikudziwa zimenezonso. Kuyambira mu Julayi. Munthu amene waondadi sabisala, amabwera kudzaonetsa lamba." Anapuma kaye. "Inu si munakomoka tsiku lija ankandisoka chala? Chala changa, koma madzi anakuthirani inu."

Ndinamuuza kuti ndiyambiranso, kuti pofika Khirisimasi ndidzakhala nditafika pa 98. Ndinamva kabelu kokha, akuchenjeza galu amene analowa mumsewu.

Mlatho unayamba kuoneka. Panali anthu ambiri monga mwa nthawi zonse, matambula a mowa m'manja. Ndinathamanga, achemwali, ndikulumbira kuti ndinathamanga kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga. Ndinadziuza mumtima kuti ndikawoloka ndiye kuti zonse zikonzeka, ngati kuti mlatho ndi dokotala. M'makutu munkalira, m'kamwa munkamveka magazi. Belu la tchalitchi linayamba kulira nditatsala ndi mitengo isanu ndi umodzi ya m'mbali mwa ngalande.

Anthu anayamba kukuwa. "Musiye awoloke, Joris! Ndi m'bale wako ameneyo!" Wina anati, "Wotchi ya tchalitchi imafulumira, aliyense akudziwa!" Inenso ndinacheuka n'kunena kuti, "Mphindi imodzi yokha, chonde."

Anabwera pambali panga, anatsitsa phazi pansi. "Imani, achimwene. Bambo anadutsa Mayi, inu ndinu ndani?"

Ndinaima. Anatambasula dzanja kuti andichotse nambala, koma zala zake zinali zotupa ndi zozizira, mapini anamukanika. Ndinamuthandiza ndekha, onse anayi. Anaipinda nambalayo n'kuiika m'thumba la chijasi. Kenako analankhula motsitsa kuti a pamlatho asamve.

"Lachisanu ndinawauza kuchipatala kuti akufufuteni, simundipatsanso impso. Ndidikira pa mndandanda wa ofuna impso ngati anthu ena onse."

"Sungachite zimenezo osandifunsa."

"Ndachita kale. Sindikufuna impso yochita kulanda. Mungadzamandiyang'ane moyo wanu wonse ngati munthu amene anakubani. Ndipo a Katelijne musawauze, ali ndi zawo."

Anapalasa n'kundidutsa. Ndinaliona tsache likugwedezeka kumbuyo kwake, likukwera mlatho, likutsikira tsidya linalo. Amuna awiri anachotsa zotchingira msewu, magalimoto anayamba kubwera, ine ndinapatukira m'udzu. Makilomita atatu otsalawo ndinayenda pansi. M'holo ya parishi sindinalowe.

Tsopano ndikuuzeni chimene chandisowetsa mtendere sabata ino. Pamene ananena kuti andifufuta, chinthu choyamba chimene ndinamva si chisoni. Chifuwa changa chinapepuka. Zinangotenga kanthawi kochepa, mwina kupuma kuwiri, manyazi n'kubwera, koma zinachitika, ndipo ndikukhulupirira kuti iye anaziona. Munthu amene amadziwa kulemera kwa nkhumba ndi maso sangalephere kuwerenga nkhope ya mkulu wake.

Lolemba ndinapita kuchipatala. Mayi wina amene amayendetsa za opereka impso anandilandira mwaulemu, anandipatsa khofi, n'kundiuza kuti dzina langa angalibwezere pokhapokha Joris atavomera. Nditatuluka ndinaimbira Annemie. Analira pafoni. Akuti pa mndandanda munthu wa magazi ngati a Joris amadikira zaka zitatu kapena zinayi, ndipo dokotala wa mtima anawauza mwezi watha kuti makina aja akumutopetsa mtima msanga kuposa mmene ankayembekezera. Joris anamuletsa kutiuza. Tonse m'banja muno timadziwa kubisa, tinangosiyana zobisazo.

Ndikuthamangabe. Lero m'mawa ndinazungulira kawiri njira ya kumphero, mvula ikugwa, ndipo sikelo yati 107. Ndakulemberani nambalayo koma musaikhulupirire, sindinakupatseni chifukwa choikhulupirira. Ngakhale ine sindikudziwa chimene ndidzachite ikadzafika pa 99 yeniyeni.

Chaka chatha, titangomva za matendawa, munanena kuti mukwera ndege mudzayezetse magazi inunso. Ndinakukanizani. Ndinati muli ndi ana, ulendo ndi wautali, ntchito imeneyi ndi yanga. Ndinalankhula mokweza kwambiri tsiku limenelo, ndipo mwa kulankhula kwangako Joris wataya chaka chathunthu chimene analibe. Ndilibe nkhope yokupemphani kanthu. Thupi ndi lanu, mantha amene ndili nawo inunso muli ndi ufulu wokhala nawo, ndipo mukakana sindidzatsegula pakamwa. Koma sindikanatha kukusiyani mukuganiza kuti zonse zili m'manja mwanga pomwe m'manjamo mulibe kanthu. Ngati mawu anu aja akadalipo, bwerani msanga, chisanu chisanafike. Chipinda cha kumwamba ndachikonza.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Denis, muwawerengere kalatayi yonse, musadumphe za tchipisi. Moni kwa Lotte ndi Mathis, muwauze kuti amalume awo aakulu amawakumbukira, ndipo amalume awo aang'ono akadali ndi nthabwala zawo zonse. Mukamuimbira Joris adzadziwa kuti ndaulula, ndipo adzandikwiyira. Musanditeteze. Mumufunse za mvula, za mtengo wa nkhumba, chilichonse chimene chingamulankhulitse nthawi yaitali, ndipo mumvetsere mmene akupumira pakati pa mawu. Mukamva, mudzadziwa nokha tsiku loyenera kunyamuka.

Ndine mlongo wanu, amene anakunamizani nonse awiri,

Ignace