Mkazi wanga wa zaka khumi ndi zitatu

Mwezi wa Kartik, pa 4
Maondo kuwawa. Tulo tochepa. Tsiku lonse pakhomo pa chipatala, kulondera nsapato zimene anthu amavula polowa. Ine amene ndinkalemba odwala pa desiki yolandirira anthu kuyambira nthawi ya malemu bambo awo a adokotala. Lero pali Rojina ndi kompyuta yake. Akuti zala zanga n'zochedwa.

Kartik 6
Adokotala afuna lipoti la odwala atsopano, mowagawa malinga ndi zaka zawo. Rojina wangodina, pepala latuluka. Okalamba pafupifupi palibe. Achinyamata mbwee. Ndiye adokotala akuti Lachinayi loonera okalamba lithe, chipinda chawo chikhale cha achinyamata, nkhalamba zizipita chipatala cha boma kutsidya la mtsinje. Mkazi wanga Dhanmaya wangoyamba kumene mwezi wathawu mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Basi yopita kumeneko imamusanzitsa.

Kartik 7
Ndadziwa. Ndamva ndili pakhomo. Rojina kufunsa gogo wina chaka chobadwa, gogoyo akuti 2009, iye n'kulemba 2009. Chaka cha pa kalendala yathu ya Bikram chimenecho. Kompyuta imawerenga cha Azungu, chotsalira ndi zaka 57. Nkhalamba yopanda mano yasanduka mwana wa sukulu.
Sindinanene. Andifunse.

Kartik 10
Sanandifunse. Rojina wandibweretsera tiyi, akuti, “Agogo, nkhope imeneyo ikutithawitsira odwala.” Ndamwa. Sindinathokoze.
Kunyumba ndauza Dhanmaya zonse, kuti mtsikanayu agwa yekha. Iye akusankha mpunga, osadzutsa mutu: “Akamagwa iyeyo, wokwera basi ndine, bambo inu.”

Kartik 13
Chidziwitso chatuluka. Lachinayi likubwerali ndi lomaliza. Andipatsa ine kuti ndimate pachitseko. Ndamata. Chapendekeka.

Kartik 15
Rojina wandiitanira ku desiki, koyamba chichotsereni ine. Maso ofiira. Anatsegula gulu la zaka 10 mpaka 19 kuti aimbire makolo za katemera, n'kupezamo Dhanmaya, zaka 13. “Agogo, kodi munakwatira kamwana?” Waseka, kenako misozi. Wakaulula yekha kwa adokotala. Amukalipira mpaka anthu a pa khonde kumva. Lachinayi silikutha. Chidziwitso ndamatula ndine.
Madzulo wandifunsa chapansipansi ngati sindinkamva anthu akutchula zaka, poti ndimakhala pakhomo pomwepo. Ndati makutu anafa kale.

Kartik 16
Wakhulupirira. Wanditsegulira dzina mu kompyuta, wodwala watsopano, kuyezedwa makutu mawa. Wafunsa chaka chobadwa mokuwa, kawiri: chathu kapena cha Azungu? Wandigwira phewa. Akuti kukalamba si mlandu.
Dhanmaya waseka mpaka kutsokomola. Akuti mawa akakhala kutsogolo, aone gonthi wake akuyezedwa.
Khoswe akuyenda padenga. Ndikumumva bwinobwino, phazi lililonse. Mawa ndilawire, ndimupeze Rojina asanatsegule, ndimuuze kuti ndinkamva zonse.