Zithunzi za ukwati wa Maria

Lachisanu, Januwale. Tsiku loipa, manyazi sakundichoka.

Zithunzi za ukwati wa Maria zabwela lelo kuchokela ku Chipata kumene ndinazitumiza kukatsukidwa. Tsiku la ukwatilo kunali mvula, ndiye zonse ndinajambulila m'tchalitchi. Zatuluka mdima wokhawokha, anthu ngati aimilila mu utsi. Lenzi ya kamela yanga, ya zumu yokokela zakutali pafupi, ija ndinagula ku Lusaka pamodzi ndi jekete lovalidwa kale la pa salaula, siiona bwino m'nyumba. A Banda, ojambula akale a pa boma, anandichenjeza: "Gulani kalenzi kakang'ono kosasuntha, kamaona mumdima. Mukafuna pafupi, yendani ndi miyendo." Ine ndinaseka, poti ndine wamakono.

Masana ndinapalasa njinga kupita ku Minga, kwa a Tembo, atate ake a Maria. Afuna kutumiza chimodzi kwa mkulu wao ku Mozambique, amene anamuona Maria komaliza ali kumsana, pamene a Tembo anali kuthawa nkhondo.

A Tembo anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali, osadandaula. Kenaka anaika chala pa chimodzi.

"Bambo, mwana wanga ndi uyu, eti?"

Analoza mtsikana wa kwaya, osati Maria. Ine ndinangoti inde.