Wa Lendi Wachoka, Malo Anu Apezeka

Leicester,
Novembala

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko ku Lookout? Bondo lija likukulolani kukwera chitunda cha kutchalitchi? Azakhali a Vernice anandiuza kuti mwayambanso kutsokomola phiri la moto likatulutsa fungo lake lija. Muzitseka mawindo. Kuno ine ndi ana tili bwino, kungoti chisanu chabwera msanga chaka chino.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa nkhani iyi ndikufuna muiwerenge mutakhala pansi, muibwereze mpaka ikukomereni. Ermine, mkazi uja anakulandani amuna anu, wachoka m'nyumba ya Adadi.

Inu mumati munakhululuka, koma ine sindinaiwale. Phiri litaphulika, ife tikugona pamabenchi a tchalitchi, phulusa lili m'tsitsi, Adadi anakwera boti n'kunena kuti akukatikonzera malo ku Mangalande. Malowo anakonzera Ermine. Ngakhale pamene ananditenga kudzaphunzira kuno, msuzi wa mbuzi wa mkazi ameneyu ndinkaumeza ndi mtima wowawa. Zaka zonsezi ndakhala ndikumusekerera ndi mano okha.

Mwayi wabwera ndi boma. Kuno akuthetsa chithandizo chakale chimene odwala ndi osowa amalandira, ndipo aliyense ayenera kulembetsa m'dongosolo latsopano tsiku loikika lisanadutse, apo ayi chithandizo chimaima. Chigwereni ndi sitiroko, Adadi amadalira chimenecho pa chakudya ndi nyumba yomwe. Ermine za makompyuta sazidziwa, ndiye anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa alangizi aulere amene amakhala kuseri kwa laibulale. Popempha anachita kunditchula kuti mwana wanga.

Ndinali nditamva kale kuntchito kuti mwamuna wa zaka za penshoni akakhala ndi mkazi amene sanafike zakazo, boma limawawerenga pamodzi, n'kuwaponya onse m'dongosolo latsopano, ndipo mkuluyo amaluza. Ermine ndi wamng'ono kwa Adadi, si ndicho anamukondera? Ndiye Lamlungu lake, iye ali kutchalitchi, ndinakhala pambali pa bedi n'kuwafotokozera Adadi kuti ubwana wa mkazi wawo uwagonetsa ndi njala. Amuna anu mukuwadziwa. Dzanja linafa, mwendo unafa, koma umbombo ukadali ndi mphamvu zake zonse.

Tsiku lopita kwa alangiziwo kunali mvula. Ermine ndiye anakankha chikuku chawo njira yonse, ine ndili pambuyo ndi ambulera yanga. Titalowa anawavula chipewa, n'kuyamba kuwapukuta dovu pachibwano ndi kansalu kamene amayenda nako. Mlangizi wake anali mtsikana waulemu, dzina lake Hetal. Anafunsa mayina, kenako anafunsa kuti awiriwa pali ubale wanji.

Mukudziwa kuti masiku ano Adadi akamalankhula timachita kutolera mawu. Koma awa anatuluka oyera ngati akuwerenga m'tchalitchi.

"Uyu si mkazi wanga. Ndi wa lendi. Amagona m'kachipinda kakumbuyo."

Amayi, dzanja la Ermine linali lidakali pachibwano chawo.

Hetal anaika cholembera pansi. Anati tisapupulume, chifukwa banja likalembetsa pamodzi tsiku lisanadutse chithandizo chake chimatetezedwa kwa kanthawi, ndipo panalibe choopa lero ndi lero. Anatinso boma limayang'ana mmene anthu akukhalira, mphika umodzi, bedi limodzi, ndipo iye sangathandize kulemba zimene sizili choncho. Zakutetezedwazo ine sindinkazidziwa, koma sizinandisinthe maganizo. Adadi anandiyang'ana, ine ndinangoyang'ana kudenga. Ndipo anabwereza, n'kuwonjezera kuti mkazi wawo wa ukwati woyera ali ku Montserrat, dzina lake Idabelle. Anakutchulani, Amayi. Patapita zaka zonsezi, dzina lanu linamveka m'kamwa mwawo, mkazi uja akumva. Mtima wanga unazizira bwino.

Hetal anatembenukira kwa Ermine n'kufunsa ngati ali ndi chonena. Ermine anapinda kansalu kaja, n'kukaika pamwendo pa Adadi.

"Mwamva kwa eni nyumba, mwanangu. Wa lendi satsutsa."

Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati mkazi amene ali yekha, wopanda pokhala, naye angalandire malangizo. Hetal anamupatsa tsiku lakelake.

Pobwerera Ermine anakankhabe chikuku. Anaphika, anawadyetsa, koma mtsamiro wake anausamutsira m'kachipinda kakumbuyo kaja. Sabata yonseyo anachapa zovala zawo zonse, anasita, anasanja mankhwala m'kabokosi. Lachisanu mnzake wa kutchalitchi anabwera ndi galimoto. Ine ndinapita dala kukaonerera. Ndinaima pakhomo n'kumuuza kuti paja mlendo ndi mame. Ndinkafuna alire ngati mmene munalirira inu padoko paja. Sanalire. Anandipatsa makiyi m'manja.

"Uziwagoneka chakumanzere, kumanja kuli chilonda. Phala likatentha amalavula. Sopo wonunkhira amawayabwa."

Basi, anakwera galimoto. Mpaka lero zimandipsetsa mtima kuti ngakhale kutukwana sanatukwane.

Choncho bodza lathu linasanduka zoona, ndipo Adadi analembetsedwa ngati munthu wokhala yekha. Chithandizo chawo sichinaime.

Vuto ndi lakuti munthu wokhala yekha ayenera kutha kudzuka yekha. Ine ndili ndi ntchito ndi ana, Amayi. Ndayesa, koma matewera a munthu wamkulu si a khanda, ndipo fungo lake limanditsatira mpaka m'basi. Atsikana amene a khonsolo amatumiza m'mawa amakhala kanthawi kochepa, komanso Adadi amawatukwana ndi kuwaponyera sipuni. Chilonda chija chakula. Manesi ayamba kunena zowatengera kunyumba yosungira okalamba. Akapita kumeneko nyumba yawoyi ibwerera kukhonsolo poti ndi yakhonsolo, chikhalirecho ine ndi ana tikupanikizana m'tizipinda tiwiri. Sindinavutike chonchi kuti nyumba idyedwe ndi anthu achilendo.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Bwerani. Pasipoti yanu imakulolani kukhala kuno, ndipo tikiti ndigula ndine. Ubwino wake inu zaka za penshoni munadutsa kalekale, ndiye mukalowa m'nyumbamo simuwononga chilichonse. Ndinu mkazi wawo weniweni, munalonjeza pamaso pa Mulungu kuti pamtendere ndi pamavuto pomwe. Mtendere anadya wina, koma malo anu apezeka tsopano. Mbuzi zanu musiyire amalume a Fenton. Mutenge majuzi okhuthala. Masitepe alipo ambiri ndithu, koma bondo limazolowera.

Chinthu chimodzi ndikuuzirenitu kuti chisadzakudzidzimutseni. Mutu wa Adadi sukugwira bwino chichokereni mkazi uja. M'mawa uliwonse amamuitana, ndipo ndikawakumbutsa kuti wa lendi anasamuka amatseka pakamwa, osadya tsiku lonse. Dzina lanu sanalitchulenso kuyambira tsiku la kulaibulale lija. Ndiye akamakuitanani kuti Ermine, musakhumudwe, muzingoyankha. Amadya bwino akamaganiza kuti ndi iye.

Mupereke moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa asuweni anga onse, ndi kwa azakhali a Vernice, amene muwauze kuti chilungamo chinachedwa koma chafika. Adzukulu anu akupereka moni, akuti mudzawatengere maswiti a bwemba. Mundiyankhe msanga, matikiti amakwera mtengo Khirisimasi ikayandikira.

Ndine mwana wanu amene sanaiwale,
Cheverlyn